Kanema wa Pabwalo: Ndani Amasankha Zoonera ku Mhangura?

NYIMBO YOTSEGULIRA: Ng'oma zimveke pang'ono, kenako zitsike pansi pa mawu.

WOULUTSA: Moni wapadera upite kwa abale athu a ku Mhangura, m'boma la Makonde, chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pamodzi ndi onse okhala m'makomboni a m'mapulazi a ku Doma, Lions Den, Raffingora, Banket mpaka ku Karoi. Ambiri a inu makolo anu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete, ndipo Chinyanja chikumvekabe m'makomo mwanu. Agogo, amayi, abambo ndi achinyamata, sendezani wailesi pafupi.

Lero tikamba za makanema amene sapezeka wambawamba pa TV kapena pa ma DVD a pamsika: makanema a anthu odziyimira paokha, makanema ojambulidwa mobisa, ndi makanema oyesa njira zachilendo zofotokozera nkhani. Wina anena kuti zimenezi n'za ku Harare, za anthu ophunzira kwambiri. Ine ndikukana. Munthu wa pakomboni anayamba kalekale kuonera kanema, anthu ambiri a m'midzi asanamuonepo n'komwe. Chimene wakhala akumanidwa ndi mphamvu yosankha choonera, komanso mwayi woona nkhope yake ndi kumva chilankhulo chake pachinsalu. Nkhani yathu yagona pamenepo.

Tiyambe tamvana za mitundu itatuyi. Kanema wodziyimira payekha ndi amene mwiniwake wamupanga popanda boma kapena kampani yaikulu yomuuza zoti anene. Ndalama zimachokera m'thumba mwake, kwa anzake, kapena kwa aliyense amene wamukhulupirira. Kanema wa mobisa ndi amene amajambulidwa kapena kuonetsedwa akuluakulu asakudziwa, chifukwa atadziwa angamuletse. Chitsanzo chakale ndi Come Back, Africa wa mu 1959, amene Lionel Rogosin anajambula ku Johannesburg nthawi ya tsankho, atabisira boma cholinga chake chenicheni. Ankafuna kuonetsa dziko lonse moyo wa munthu wakuda wobwera kudzafuna ntchito m'tauni, ndipo Miriam Makeba akuonekamo akuyimba. Mtundu wachitatu ndi kanema amene satsata njira yomwe tinazolowera, yoti nkhani iyambe, ifike pachimake, woipa alangidwe, basi. Umenewu tiufikira bwino kutsogoloku.

NYIMBO: Gitala wa sungura, mwachidule.

WOULUTSA: Tsono kanema anafika bwanji pakomboni? M'zaka za m'ma 1920, m'busa wina wa ku America dzina lake Ray Phillips anayamba kuonetsa makanema m'makomboni a migodi ya golide ku Johannesburg, mothandizidwa ndi eni migodi. Eni migodiwo ankafuna kuti antchito akaweruka asamapite ku mowa, ku ndewu kapena kumisonkhano yodandaula za malipiro. Makanemawo ankayamba apimidwa kaye, n'kudulidwa mbali zonse zimene azungu ankaona kuti munthu wakuda sayenera kuziona. Akatero ankayenda mgodi ndi mgodi, mpaka anafika ku Rhodesia ndi ku Copperbelt. Amene anatchuka koposa anali a anyamata okwera pamahatchi a ku America, a zipewa zazikulu ndi mfuti m'chiuno. Ku Copperbelt oonera ankangotchula ngwazi iliyonse ya m'makanemawo kuti Jack, ndipo ana ankasema mfuti zamitengo n'kumayenda ngati iyeyo.

Atsamunda ataona kuti anthu akukonda kanema, anaganiza zomugwiritsa ntchito pophunzitsa. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inayendayenda ndi makanema ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Kenako mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Bungweli linkapanga makanema oonetsa anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linagwira ntchito mpaka 1963, chaka chomwe Chitaganya cha mayiko atatuwa chinatha. Akuluakulu ake anali azungu monga Alan Izod ndi Stephen Peet. Ena mwa makanema awo anali Mulenga Goes to Town ndi Wives of Nendi.

Agogo amene akumvetsera akukumbukira mmene zinkakhalira. Galimoto inkafika dzuwa litapendeka, ana n'kumaithamangira m'fumbi. Anyamata a galimotoyo ankakweza chinsalu choyera pabwalo, n'kukoka chingwe cha jenereta mpaka italira. Kukada, kuwala kunkatuluka m'makina, tizilombo touluka n'kumazungulira m'kuwalako. Makanema ambiri oyambirira analibe mawu. Pambali pankayima womasulira ndi chokuzira mawu, ndipo ndiye ankapatsa anthu a pachinsalu mawu: uyu akuti chakuti, uyo akuyankha chakuti. Womasulira wochenjera ankathira nthabwala zake, bwalo lonse n'kugwa ndi phwete pamalo pomwe mzungu wopanga kanemayo sanaikepo choseketsa. Nkhani zake zinkafanana: pali alimi awiri, wina womvera malangizo a boma, wina waulesi. Womvera akolola zambiri, waulesi agona ndi njala. Kanemayo sankanena kuti nthaka yabwino ili m'manja mwa yani, koma oonera ankadziwa, poti ena mwa iwo ndiwo ankalima nthakayo masana onse.

Nkhondo ya ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, boma la Ian Smith linatumiza magalimoto a kanema kumidzi ndi zithunzi zoopsa, kuphatikizapo mitembo ya omenyera ufulu, pofuna kuopseza anthu kuti asawathandize. Choncho kuyambira kwa Ray Phillips mpaka kwa Smith, wosankha anali mwini mgodi, mmishonale kapena boma. Wa pakomboni ntchito yake inali kukhala pansi n'kupenya.

Komabe pa Mhangura pomwepo panachitika chinthu chotiphunzitsa kuti zosangalatsa za kampani zikhoza kupulumuka m'manja mwa kampani. Mgodi wa mkuwa unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pansi pa kampani ya Messina Transvaal Development, nthawi imeneyo malowo akutchedwa Mangula. Tauni yonse inkadalira mgodiwo: nyumba, chipatala, bwalo la mpira ndi malo achisangalalo. M'zaka za m'ma 1970 woyimba lipenga Daram Karanga anasonkhanitsa gulu loti lizisangalatsa antchito a pamgodi, ndipo linatchedwa Hallelujah Chicken Run Band. M'gululi munali mnyamata wina dzina lake Thomas Mapfumo. Iwowa anayamba kusamutsira kamvekedwe ka mbira pagitala ndi kuyimba m'Chishona, ndipo nyimbo za chimurenga zimene Mapfumo anatchuka nazo pambuyo pake mizu yake ina ili pamenepo. Oyimba anatha kuchita zimenezi chifukwa gitala anali m'manja mwawo. Kamera ndiyo sinafike m'manja mwa munthu wa pakomboni, poti inali yodula, ndipo filimu yake inkafuna kukatsukidwa kutali.

NYIMBO: Gitala ndi malipenga, theka la mphindi.

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za makanema odziyimira paokha ndi anthu a m'migodi ndi m'mapulazi a ku Mhangura.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, nkhope zakuda zinayamba kuoneka pachinsalu zikusewera nkhani zawozawo. Mu 1990 kunatuluka Jit wa Michael Raeburn. Posakhalitsa kunabwera Neria, wotsogoleredwa ndi Godwin Mawuru, nkhani yake yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, ndipo Oliver Mtukudzi anaseweramo. Neria ndi nkhani ya mayi wamasiye amene mlamu wake akumulanda katundu mwamuna atangoikidwa m'manda. Nkhaniyi inakhudza anthu ku Malawi ndi ku Zambia komwe, chifukwa kulanda chuma cha masiye tonse timakudziwa. Bungwe la Media for Development Trust, lomwe linapanga Neria, linatulutsanso Yellow Card mu 2000, wonena za mnyamata wampira amene wapereka mimba akadali pasukulu.

Makanema amenewa anagwira ntchito yaikulu, ndipo tiyenera kuwayamikira. Koma ambiri a nthawi imeneyo ankadalira ndalama za mabungwe akunja, ndipo wopereka ndalama amabwera ndi mutu wake: chaka chino Edzi, chaka chamawa kulera. Uthenga unali wabwino kusiyana ndi wa atsamunda, koma mlimi waganyu ankaonedwabe ngati munthu wofunika kuphunzitsidwa. Amene anabwera kudzamufunsa kuti, "Inu bambo, nkhani yanu ndi yotani?" anali ochepa.

Ena amene anayesa kunena zovuta kumva anakumana nazo. Mu 1996 Ingrid Sinclair anatulutsa Flame, nkhani ya atsikana awiri amene analowa nkhondo ya ufulu. Muli chigawo choonetsa mtsikana womenya nkhondo akugwiriridwa ndi mkulu wake wa usilikali. Ena mwa omenyera ufulu anakwiya, ndipo apolisi analanda filimuyo isanathe kukonzedwa. Pambuyo pake inabwezedwa, inaonetsedwa ku Cannes m'dziko la France, ndiponso anthu a ku Zimbabwe anakhamukira kukaionera. Chitsanzo china ndi Democrats wa Camilla Nielsson wa ku Denmark, wotuluka mu 2014, woonetsa mmene malamulo aakulu a dziko a 2013 analembedwera. Bungwe lopima makanema linamuletsa, mpaka khoti linachotsa chiletsocho mu 2018.

Tsopano tifike pakhomo penipeni. Chaka cha 2000 sichidzaiwalika ku Mhangura. Mgodi, umene panthawiyo unali m'manja mwa kampani ya boma ya Zimbabwe Mining Development Corporation, unatsekedwa. Chaka chomwecho ntchito yolanda ndi kugawa mapulazi inayamba mwamphamvu. M'dziko lonse antchito a m'mapulazi analipo oposa 300,000, ndipo ambiri anataya ntchito, ena ndi nyumba zomwe. Kwa a mtundu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique vuto linali lowirikiza: analibe mudzi wobwererako m'Zimbabwe, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anapezeka kuti si nzika za dziko lomwe anabadwiramo. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anatsegulanso khomo kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC.

Nanga nkhani yaikulu chotere inajambulidwa ndi yani? Makanema awiri a mu 2009 akutipatsa yankho. Woyamba ndi Mugabe and the White African, wa Lucy Bailey ndi Andrew Thompson a ku Britain. Mbali yaikulu anaijambula mobisa papulazi ya Mount Carmel pafupi ndi Chegutu, m'chigawo chomwechi cha Mashonaland West. Akutsata Mike Campbell ndi mkamwini wake Ben Freeth pamlandu wawo kukhoti la SADC ku Windhoek. Kanemayu anazungulira dziko lapansi. Antchito a papulazipo akuonekamo, koma nkhani ndi ya mwini pulazi.

Wachiwiri ndi House of Justice, wotulutsidwa ndi bungwe la antchito a m'mapulazi la GAPWUZ. Mmenemu antchito eni ake ndiwo akufotokoza nkhanza zomwe anakumana nazo. Mu February 2010 apolisi anafika kumaofesi a bungweli ku Harare, ndipo mlembi wake wamkulu, mayi Gertrude Hambira, anabisala kenako n'kutuluka m'dziko. Funsani lero m'makomboni kuti ndi angati anamuonera kanemayu. Mupeza kuti ngakhale dzina lake ndi lachilendo kwa ambiri.

Pali maphunziro awiri apa, omvera. Loyamba: nkhani ya nthaka ili ndi mbali zambiri. Ili ndi mwini pulazi wakale, ili ndi mlimi watsopano amene makolo ake analandidwa nthaka nthawi ya atsamunda, ilinso ndi wantchito wobadwira pakomboni. Mbali imene sinajambulidwe imaiwalika msanga, ndipo zidzukulu zidzaphunzira mbiri kuchokera kwa amene anali ndi kamera. Lachiwiri: kanema wa mobisa ali ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri wolipira ndi amene nkhope yake yaoneka. Wojambula wochokera kutali amakwera ndege n'kupita, wojambulidwa amatsala pomwepo ndi anthu amene wawatchula. N'chifukwa chake aliyense wogwira kamera ayenera kufotokozera munthu momveka kuti zithunzizo zikaonetsedwa kuti, ndipo munthuyo akakana, nkhani yathera pomwepo.

NYIMBO: Ng'oma za gule, mwachidule.

WOULUTSA: Tibwere ku mtundu wachitatu uja, makanema oyesa zachilendo. Mu 1973 Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal anapanga Touki Bouki. Ndi nkhani ya mnyamata ndi mtsikana olakalaka kuthawira ku Paris. Mnyamatayo amayenda panjinga yamoto yomangiriridwa chigaza cha ng'ombe chanyanga kutsogolo. Kanemayo amadumpha: uku mukuona achinyamatawo, mwadzidzidzi mukuona ng'ombe zikuphedwa, kenako nyanja. Palibe amene akukuuzani tanthauzo, mumalumikiza nokha. Ku Zimbabwe, Tsitsi Dangarembga anapanga kanema wamfupi wotchedwa Kare Kare Zvako, wochokera m'nthano ya Chishona ya nthawi ya njala, ya mwamuna wadyera amene akuchitira mkazi wake zoopsa chifukwa cha njala yake. Mmenemo anthu amayimba pakati pa zoopsazo, ndipo chiswe chimavina.

Ena amati zotere munthu wosapita kusukulu sangazimve. Amene amanena zimenezi sanayimepo pabwalo la gule. M'mapulazi ndi m'migodi ya ku Mashonaland, Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure, wakhala akuvinidwa kwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Simoni akatulukira ndi nkhope yake yofiira, palibe amene amafuna womuuza kuti akunyogodola yani. Maliya akamavina, Chadzunda akamalowa, Kasiyamaliro akamazungulira pamaliro, mwana wa pakomboni amadziwa kuti chimene maso akuona chikuyimira china chozama. Munthu wokulira pamenepo ndi katswiri kale womasulira zithunzi. Kanema wa Mambéty sangamusokoneze mutu, mwinanso angamumve msanga kuposa wophunzira wa ku yunivesite. Chenjezo lokha kwa achinyamata a mafoni: za pabwalo n'za pabwalo, za kudambwe n'za kudambwe. Musanaloze kamera kwa gule, pemphani kwa akuluakulu a mzinda, ndipo chomwe akuletsani musachijambule.

Lero kamera ili m'thumba mwa pafupifupi mnyamata aliyense, ndipo umphawi suletsanso kupanga kanema monga kale. Cook Off wa Tomas Brickhill, wotuluka mu 2017, anapangidwa ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 8,000 a ku America, ochita sewero ambiri atavomera kudikira malipiro. Mu 2020 anakhala kanema woyamba wa ku Zimbabwe kulowa pa Netflix. Ku Malawi, Shemu Joyah, amene anabadwira ku Zimbabwe konkuno, anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo womalizayu anapambana mphoto ya Africa Magic ku Nigeria mu 2018. Joyce Mhango Chavula anali atapambana kale mphoto yomweyo mu 2016 ndi kanema wake Lilongwe.

Vuto latsala ndi la koonetsera. Zimbabwe International Film Festival inayamba mu 1998, ndipo International Images Film Festival for Women, imene Dangarembga anayambitsa, inayamba mu 2002. Zonsezi likulu lake ndi ku Harare, ndipo wa ku Doma sangalipire basi kuti akaonere kanema. Netflix imafuna intaneti yamphamvu ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Pafoni munthu amaonera yekha, n'kuseka yekha, osapeza womufunsa kuti, "Kodi iwe wamva bwanji pamene paja?" Kanema wonena zovuta amafuna anthu okhala pamodzi, kuti akatha atsutsane. Alipo amene ayamba kale kuyenda njira imeneyi, monga bungwe la Sunshine Cinema lochokera ku South Africa, lomwe limaphunzitsa achinyamata kuonetsa makanema a mu Africa ndi zida zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo lagwirapo ntchito ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Koma kudikira kuti bungwe lifike pa Mhangura n'kubwerera kumbuyo kuja, kodikira galimoto ya wina. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NYIMBO: Sungura, mwachidule.

WOULUTSA: Tsono gulu la achinyamata, la mpingo, la mzikiti kapena la aphunzitsi likafuna kuonetsa kanema, liyambire pati?

Yambani ndi chilolezo, ndipo zilolezo zake n'ziwiri. China n'cha mwini kanema. Opanga makanema odziyimira paokha ambiri amapezeka pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo ambiri amakondwa kumva kuti anthu akumudzi akufuna kuona ntchito yawo. Mulembereni, muuzeni malo ndi chiwerengero cha anthu, mugwirizane. Kukopera DVD mwakuba ndi kumene kwagwetsa aluso ambiri, amene sewero lawo lili m'nyumba iliyonse koma iwo alibe ndi ya sopo yomwe. Chilolezo china n'cha malamulo. Ku Zimbabwe lamulo la Censorship and Entertainments Control Act la 1967 likugwirabe ntchito, ndipo limafuna kuti kanema woonetsedwa pagulu akhale wovomerezedwa ndi bungwe lopima. Za misonkhano ya pagulu zili m'lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019. Ku Malawi lamulo lopima makanema linakhazikitsidwa mu 1968. Choncho funsani mwini kanema ngati anapimitsa, ndipo dziwitsani khansala, mfumu ya dera, mwini malo ndi apolisi nthawi ikadalipo.

Kenako zida. Mufuna pulojekita yaing'ono, batire ya galimoto kapena ya sola yodzaza bwino, chokuzira mawu, ndi foni kapena kompyuta yomwe kanemayo mwamusunga kale, kuti musadalire netiweki. Chinsalu chikhale choyera, chokokedwa zolimba ngodya zonse zinayi, ndipo m'munsi musokerere nsungwi kapena chitsulo kuti mphepo isachikupize, apo ayi nkhope za anthu zizingopindika. Khoma la sukulu kapena la shedi ya fodya lopakidwa laimu limaposa chinsalu. Sankhani nyengo yopanda mvula, kuyambira May mpaka October, koma kumbukirani kuti June ndi July kumazizira, ndiye uzani anthu abwere ndi zofunda. Penyaninso mwezi: ukakhala wathunthu chithunzi chimazimiririka, choncho usiku wamdima ndiwo wabwino. Chokuzira mawu chiikeni kutsogolo pafupi ndi chinsalu, osati kumbuyo kwa anthu. Ana akhale pamphasa patsogolo, agogo pamipando chapakati pomwe mawu akumveka bwino. Yesani zonse dzulo lake, ndipo onerani kanema yense musanaitane anthu, kuti mudziwe ngati ali woyenera ana.

Chachitatu, womasulira. Pabwalo limodzi pamakhala a Chinyanja, a Chiyao, a Chishona ndi a Chisena. Ntchito ya womasulira sinafe: ku Malawi achinyamata amathira mawu a Chichewa m'makanema a ku China, ku India ndi ku America, ndipo m'mavidiyo sho anthu amawakonda koposa. Pezani munthu wa pakamwa pofewa, aonere kanemayo kawiri, adziwe poyankhula ndi pokhala chete. Nthabwala athire, koma asapotoze zomwe mwini kanema ananena.

Chachinayi, kanema akatha musathamangire kuzimitsa zida. Yatsani nyale, funsani mafunso awiri kapena atatu. Ndani mwa anthu a mufilimuyi akufanana ndi wina amene mukumudziwa? Ndi pati pamene wopanga kanemayu wanama? Akanakhala wa kuno, akanawonjezera chiyani? Woyendetsa zokambirana aonetsetse kuti amayi ndi atsikana apatsidwa mpata, chifukwa pabwalo abambo sachedwa kutenga mawu onse. Zachipani zisalowepo, poti zikangolowa ulendo wotsatira simudzaloledwanso.

Chachisanu ndicho chachikulu. Musanaonetse kanema wamkulu, onetsani kakanema ka mphindi zisanu kojambulidwa pomwepo. Nkhani zilipo zambiri ndipo eni ake akutha. Alipo agogo amene anabwera wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, n'kukhala matchona osaonanso kwawo. Alipo abambo amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsiku lotseka. Alipo amayi amene manja awo amadziwa kusankha fodya ngakhale atatsinzina. Alipo ovina beni, ndi achinyamata amene anavutika zaka zambiri kuti apeze chitupa. Kujambula kwake sikovuta. Gonekani foni cham'mbali, itsamiritseni pa chinthu chosagwedera. Dzuwa likhale kumbuyo kwa inu wojambula. Yandikirani, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu osamveka sawapirira, ndiye talikirani chigayo, mphepo ndi wailesi ya oyandikana nawo. Funsani funso limodzi, mukatero tsekani pakamwa. Agogo akakhala chete musawadule, nthawi zambiri mawu ofunika amabwera pambuyo pa kachetechete ameneyo. Mukamaliza sungani m'malo awiri, ndipo woyamba kuonera akhale mwini nkhaniyo.

Omvera athu, nthawi yatithera. Ntchito ndikusiyirani ndi iyi: sabata ino pezani munthu wamkulu mmodzi pakomboni panu kapena m'banja mwanu, mupempheni chilolezo, mumujambule akufotokoza mmene anafikira kumeneko. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, tithandizeni ndi khoma ndi mabenchi. Mukachita, tilembereni kuno ku wailesi mutiuze zomwe mwaona ndi zomwe zakuvutani, ndipo tidzawerenga makalata anu m'pulogalamu ikubwerayi.

NYIMBO YOTSEKERA: Ikwere mpaka kumapeto.